Odi wa ku Chiuta ndi Lamulo la Angerezi

Kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, munthu salowa pakhomo pa mnzake osayamba wati "Odi!" Ngakhale pa chisakasa cha bango cha msodzi, mlendo amaima panja kufikira atayankhidwa. Wosuzumira kuchipinda kwa mwini wake, kapena wozemberera amayi akusamba padooko, ankapita naye kubwalo la mfumu nakalipa nkhuku kapena mbuzi, chinkana sanabe kanthu. Mlandu wake unali wa kuvula mnzake ulemu.

Lamulo la Angerezi, limene linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1902, silinkaona zinthu motero. Linkadziwa mlandu wa kulowa pamalo a mwini popanda chilolezo. Mu 1765, pa mlandu wa Entick ndi Carrington, khoti la ku London linagamula kuti amithenga a boma analakwa pothyola nyumba ya mlembi wina ndi kufufuza mapepala ake. Koma chimene linkatchinjiriza ndi chitseko ndi katundu. Za chinsinsi cha munthu linali chete. Ku America, Warren ndi Brandeis analemba mu 1890 kuti kusokoneza chinsinsi ukhale mlandu paokha, ndipo makhoti a kumeneko anayamba kuwamvera. Angerezi anauma khosi. Mu 1990 atolankhani analowa m'chipatala najambula Gorden Kaye, wochita zisudzo, ali chigonere atavulala mutu, koma oweruza anati lamulo lawo lilibe mlandu wa chinsinsi. Mfumu ya ku Chiuta ikadaweruza nkhaniyo dzuwa lisanapendeke.

Tsono anthu a kuno anaona zoopsa koposa. Mu February 1965 gulu la Henry Chipembere linalanda boma la Fort Johnston, koma linalephera kuwoloka Shire pa Liwonde. Asilikali, apolisi ndi a Payoniya anakhamukira m'midzi ya Fort Johnston ndi Kasupe, amene lero timati Mangochi ndi Machinga, kusaka "zigawenga". Kukhala pafupi ndi malire a Mozambique kunali kokwanira kukukayikitsa. Medson Silombela atagwidwa ananyongedwa ku ndende ya Zomba mu 1966, ndipo m'chaka chomwecho malamulo atsopano oyendetsera dziko anachotsa mndandanda wa maufulu umene unalimo mu 1964. Kodi wobwera usiku ndi mfuti ankati odi kwa yani? Makalata ankatsegulidwa asanafike kwa eni ake, anyamata a chipani ankaimitsa anthu pamsika kufuna khadi, ndipo mawu onenedwa pamowa ankakafika kwa a Special Branch. Papepala, mlandu wa Entick unalipobe. Koma ndani wa ku Nayuchi akadakwera sitima kukasumira boma la Kamuzu?

Ndi mu 1994 pamene ndime 21 ya malamulo oyendetsera dziko inanena poyera kuti munthu ali ndi ufulu wa chinsinsi: asafufuzidwe m'thupi, m'nyumba kapena pa katundu wake, asalandidwe zake, ndipo makalata ndi matelefoni ake asasokonezedwe. 

Lero msodzi wa pa Chiuta amagulitsa nsomba pa foni imene nambala yake inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, monga boma linalamulira mu 2018. Lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makompyuta linadza mu 2024, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa MACRA, bungwe lomwelo limene linatsogolera kulembetsa manambalawo.