Galasi Lakale pa Kamera Yamakono

Kamera ya digito imatha ntchito m'zaka zochepa, koma galasi labwino limatha kutumikira zaka makumi ambiri. Choncho wojambula zithunzi wa ndalama zochepa ayenera kuyamba wafufuza za pomangira galasi, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kamangidwe kake.

Kampani ya Nikon inayambitsa kamangidwe ka F mu 1959 ndipo inakasunga ngakhale pamene inayamba kupanga makamera a digito. Pentax inachitanso chimodzimodzi ndi kamangidwe ka K ka mu 1975. Canon inasankha njira ina: mu 1987 inasiya FD n'kuyamba EF, ndipo magalasi akale a FD sanakwanenso pa makamera ake atsopano.

Zinthu zinasintha ndi makamera opanda kalilole mkati, monga Sony A7 ya mu 2013 ndi Nikon Z ya mu 2018. Pa Nikon F, mtunda wochokera pomangira galasi kukafika pomwe chithunzi chimagwera ndi mamilimita 46.5, pamene pa Sony ndi 18 okha. Adaputa, yomwe kawirikawiri ndi mkombero wachitsulo wopanda galasi mkati, imangodzaza mpata wotsalawo, ndipo galasi la zaka 50 limayambanso kujambula.

Komabe mwini wake ayenera kudzipotolera yekha galasilo mpaka chithunzi chioneke bwino, ndiponso kudzisankhira kukula kwa bowo lolowera kuwala. Pojambula nkhope kapena malo, zimenezi si vuto. Kwa mtolankhani amene ali pa bwalo la mpira, n'kutaya chigoli. Komanso pa kamera ya sensa yaing'ono ya APS-C, galasi la 50mm limaona mopanikiza ngati la 75mm, moti gulu la anthu m'chipinda silikwanamo.

Ofuna filimu yeniyeni amakonda Pentax K1000, yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997. Batire lake limangoyendetsa choyezera kuwala, ndipo likatha kamerayo imajambulabe. Koma filimu imodzi imatenga zithunzi zosaposa 36 mwa nthawi zonse, ndipo munthu adziwiretu komwe akaitsukitse asanalipire kamerayo.

Mdani wamkulu wa magalasi akale m'madera otentha ndi achinyezi, monga Beira kapena Nkhata Bay, ndi chuku. Wogula aunike ndi tochi kuchokera kumbuyo kwa galasi. Fumbi lochepa silisokoneza chithunzi, ngakhale ogula ambiri amaliopa kuposa mmene liyenera kuopedwera. Koma timizere toyera tonga ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapamwamba pa galasi mosabwezereka. M'nyengo ya mvula galasi lisasungidwe m'chikwama chachikopa; liikidwe m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.