*CHISOMO KAPENA NTCHITO? MKANGANO WA KUMANDA UJA UNAYAMBA KALE*

Ndikulemba ndili kuno ku Mchinji, kumene ndabwera kudzakonza mainjini opopera madzi m'madimba poti maboti ambiri ali pamtunda. Uthengawu ndi wautali, pezani pokhala.

Mukukumbukira maliro a mnzathu amene anamira mwera utawapeza pakati pa nyanja. Dzina sinditchula, amayi ake misozi sinaume. Tonse tinaona kuti kwaya sinaimbe chifukwa anali atadulidwa mumpingo pa nkhani ya mowa. Pochokera kumanda anyamata munatsala pang'ono kugwirana malaya. Wina akuti munthu amapulumuka ndi chisomo basi, werengani Aefeso 2. Wina akuti bodza, werengani Yakobo 2, chikhulupiriro chimafuna ntchito. Ine ndinangoti chete, koma nkhaniyi yakhala ikundisowetsa tulo. Ndiye imvani kumene inachokera.

Cha m'ma 400, ku Rome kunali mphunzitsi wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius. Iye ankanyansidwa ndi Akhristu aulesi, ndipo ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yosankha zabwino ndi kusunga malamulo a Mulungu ngati atalimbikira. Amene anamutsutsa anali munthu wa kuno ku Africa, Augustine, bishopu wa ku Hippo, dziko limene lero ndi Algeria. Augustine ankati mtima wa munthu unapindika kale ndi tchimo, sungadziwongole wokha, Mulungu ndiye amayamba. Mu 418 mabishopu anakumana ku Carthage, ku Tunisia wa lero, nakana chiphunzitso cha Pelagius. Dziwani kuti nthawi imeneyo kunalibe CCAP, kunalibe Pentekosite.

Patapita zaka zoposa 1,000 moto unabukanso, ndipo chinauyatsa ndi ndalama. Ku Rome ankamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter, ndipo ku Germany mlaliki wina, Johann Tetzel, ankayenda akugulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo, ngakhale cha abale amene anamwalira kale. Tangoganizani mayi wosauka akuuzidwa kuti mwana wake womwalira akuvutika, koma akaponya ndalama apumula. Angakane? Wansembe wina wa ku Wittenberg, Martin Luther, zinamuwawa, ndipo mu October 1517 analemba mfundo 95 zotsutsa malondawo. Iye ataphunzira kalata ya Paulo kwa Aroma anafika poti Mulungu amamuyesa munthu wolungama mwa chikhulupiriro chokha, kwaulere. Kalata ya Yakobo sankaikonda kwenikweni, anaiyerekeza ndi mapesi. Mu 1521 Papa anamuchotsa mumpingo.

Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent umene unayamba mu 1545 n'kutha mu 1563. Apa ndi pamene ambiri timanama. Timati Akatolika amakhulupirira kuti munthu amadzipulumutsa ndi ntchito. Ayi ndithu. Mu 1547 msonkhanowu unatsutsa aliyense wonena kuti munthu angalungame ndi ntchito zake popanda chisomo. Chimene anakana kwa Luther ndi mawu akuti "chokha". Iwo ankati chisomo chimayamba, koma munthu amavomera n'kugwira nacho ntchito m'chikondi. Ndipo mu 1567 Papa Pius V analetsa zikalata zolipiritsa zija.

Mbali inayo, otsatira John Calvin analimbitsa kwambiri za chisomo. Ku Netherlands, pa msonkhano wa ku Dordrecht wa 1618 mpaka 1619, anagwirizana kuti ngakhale kukhulupirira kumeneko ndi mphatso, si nzeru za munthu. Adatchi atafika ku Cape mu 1652 ananyamula chiphunzitsochi. Musungeni mfundo imeneyi, chifukwa ndi njira imene chinadzera pobwera kwathu.

Tsopano tifike pakhomo. Chaka cha 1889 mbali zonse ziwiri zinatsegula mishoni pa nthaka yathu. Mu November, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa anatsegula mishoni ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Mu December, ansembe a Chikatolika a White Fathers anafika kwa Mponda, ku Mangochi kwathu konkuno. Kwa Mponda zinawakanika, anachoka mu 1891, koma anabweranso mu 1902 n'kukhazikika ku Mua. Adatchi pa nthawiyo anali atatsegula kale Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896.

Kuno kumalire ndi kumene anayandikana zedi. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, Adatchi anatsegula Magwero mu 1899, pafupi ndi Chipata tsidya la Zambia. Mu 1903 a White Fathers anatsegula Kachebere, mbali ino ya malire, m'boma limene azungu ankalitcha Fort Manning. Pa Kachebere pomwepa mu 1939 panatsegulidwa seminale yaikulu imene yaphunzitsa ansembe a ku Malawi ndi ku Zambia. Ndiye ana a Trent ndi ana a Dordrecht anapezeka akuyenda m'tinjira timodzi, akupempha mafumu omwewo.

Koma kodi mukuganiza kuti agogo athu ankakangana za Augustine? Ayi. M'midzi mkangano unafika ngati mpikisano wa masukulu. Nyakwawa ikalola mphunzitsi wa Adatchi kumanga kasukulu ka udzu, mudzi umenewo unkawerengedwa wa Adatchi. Ikalola wa Aroma, mudzi wa Aroma. Ambirife mpingo umene tili lero unasankhidwa choncho, ndi amene anayamba kufika ndi bolodi ndi choko.

Chodabwitsa ndi ichi. Mpingo umene unkalalikira chisomo chokha ndi umene unatchuka ndi malamulo okhwima. Kumwa kapena kufulula mowa, mitala, gule wamkulu, zonsezi zinali zodulitsa munthu. Aroma, amene ankanenedwa kuti amadalira ntchito, sankaletsa mowa wapang'ono, ngakhale pa mitala ndi pa Nyau nawonso sankasekerera. Komanso mbali zonse ziwiri munthu sankabatizidwa lero ndi lero. Kwa a White Fathers ankaphunzira zaka 4, kwa Adatchi nakonso kalasi inali ya zaka. Ndiye munthu wamba, akumva paguwa kuti chipulumutso ndi chaulere koma akuona mnzake akudulidwa chifukwa cha chipanda cha masese, anangomaliza yekha kuti kumwamba amalowa ndi khalidwe. Maganizo amenewo ndi amene tinali nawo kumanda kuja.

Komatu Adatchi sankadzitsutsa. Katekisma wawo wa Heidelberg wa 1563 ali ndi zigawo zitatu: tsoka la munthu, chipulumutso, kenako kuthokoza. Malamulo khumi anawaika m'chigawo chachitatucho. Kutanthauza kuti ntchito zabwino si mtengo wogulira, ndi zikomo wa munthu amene walandira kale.

Ife a kunyanja izi tikuzidziwa kuposa aprofesa. Bwato likagubuduzika usiku, munthu ali m'madzi sakambirana mtengo ndi boti limene labwera. Salipira, saonetsa kalata ya mpingo. Amangokokedwa. Koma akalowa m'botimo, mafunde akuthira madzi, kodi amapinda manja? Amatenga chigubu n'kuyamba kukapa pamodzi ndi anzake. Kukapako si kumene kwamuvuula. Koma mutaona munthu wavuulidwa, anzake akukapa iye akuboola boti, mungadabwe ngati wamvetsa chimene chamuchitikira. Paulo akunena za kukokedwa, Yakobo akunena za kukapa.

Zinawatengera akuluakulu zaka 482 kuti afike pamenepa. Pa 31 October 1999, ku Augsburg ku Germany, mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse anasainirana chikalata chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha pokhulupirira Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndipo Mzimu Woyera ndi amene amamupatsa mphamvu yochita zabwino. A Methodist anavomereza mu 2006. Bungwe la mipingo ya Reformed ndi Presbyterian linasaina mu 2017 ku Wittenberg, kwawo kwa Luther. Sanagwirizane pa zonse, za Papa ndi Misa zikadalipo, koma pa funso lathuli anasiya kutembererana. Kwathu kuno, Buku Loyera limene linatuluka mu 1998 analimasulira pamodzi Akatolika ndi Apulotesitanti.

Ndiye ndili ndi mawu awiri. Oyamba: Tetzel sanafe. Munthu akakuuzani kuti bzalani mbewu ya ndalama kuti Mulungu akumvereni, kapena gulani kabotolo ka mafuta kuti boti lanu lisamire, dziwani kuti malonda amenewo Luther anawakana ndipo Papa anawaletsa. Ndalama ya usipa mumaipeza mutagona pamadzi, musaipereke kogula chinthu chaulere. Gulani jekete yoyandamitsa.

Achiwiri: mpingo uli ndi ufulu wosunga mwambo wake, ndipo mowa wa pamadzi watiphera anthu, tisanamizane. Koma kuimba kapena kusaimba kwa kwaya si chigamulo cha kumwamba. Mnzathu uja tamusiya m'manja mwa Mwini chisomo. Ife otsala, ntchito ilipo: denga la amayi ake likudontha ndipo mvula yayandikira. Ndikabwera kumapeto kwa mwezi ndibweretsa misomali, inu pezani udzu ndi nsungwi.

Tumizirani ena a kugombe, makamaka awiri munakangana aja.