Mmene magazi anafikira m'nkhokwe ya chipatala

Lero tikambirana mbiri ya thumba la magazi, lija mumaliona litapachikidwa pambali pa bedi la wodwala.

Ambirife tinamvapo mawu awa kuchipatala: "Mwanayu magazi amuthera, pezani achibale." Kawirikawiri kumakhala kuli dzinja, malungo atavuta, zikhatho za mwana zitayera ngati ufa. Nthawi zina amakhala mayi amene wangochira kumene, koma magazi sakuleka kutuluka. Pamenepo bambo amapalasa njinga usiku kukadzutsa abale, osadziwa ngati magazi awo akagwirizane ndi a wodwalayo. Vutoli si la kwathu kokha, ndiponso si la lero. Madokotala akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 300.

Mu 1667, mumzinda wa Paris ku France, dokotala wina dzina lake Jean-Baptiste Denys anathira magazi a nkhosa m'thupi la mnyamata wodwala. Mnyamatayo anapulumuka. Koma bambo wina amene anathiridwa magazi a mwana wa ng'ombe anamwalira, nkhani inakafika kukhoti, ndipo mchitidwewu unaletsedwa. Panapita zaka pafupifupi 150 anthu akuuopa.

Amene anauyambanso ndi James Blundell, dokotala wa amayi oyembekezera ku London. Iye anatopa n'kuona amayi akufa chifukwa chotaya magazi pobereka. Anazindikira kuti munthu amafunika magazi a munthu mnzake, osati a nyama, ndipo mu 1818 anayamba kuthira odwala magazi a anthu. Ena anachira, ena anafabe, ndipo palibe ankadziwa chifukwa chake.

Yankho linapezeka mu 1901 ku Vienna, m'dziko la Austria. Karl Landsteiner anatenga magazi ake ndi a anzake a kuntchito n'kumawasakaniza. Anaona kuti ena akakumana amakhala bwinobwino, pamene ena amaundana timibulu. Umu ndi mmene anatulukira magulu a magazi A, B ndi O, ndipo chaka chotsatira anzake anapeza gulu lachinayi la AB. Phunziro lake tiligwire bwino: ngakhale mbale wanu wa bere limodzi akhoza kukhala wa gulu losiyana ndi lanu. N'chifukwa chake a labotale amayamba ayeza magazi a wopereka ndi a wolandira. Sikuchedwetsa dala ayi, chifukwa magazi osagwirizana amapha.

Panatsala vuto lina. Magazi akatuluka m'thupi amagwirana msanga, monga timaonera popha mbuzi. Choncho wopereka ankagonekedwa pambali pa wodwala nthawi yomweyo. Mu 1914, Albert Hustin wa ku Belgium ndi Luis Agote wa ku Argentina anasonyeza kuti mankhwala otchedwa sodium citrate amaletsa magazi kugwirana. Mu 1917, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dokotala wa asilikali Oswald Robertson anasunga magazi m'mabotolo pamalo ozizira, kudikira ovulala. Mu 1921, Percy Oliver wa bungwe la Red Cross ku London analemba mndandanda wa anthu odzipereka oti aziitanidwa kukapereka magazi kwaulere. Ndipo mu 1937, Bernard Fantus anatsegula malo osungira magazi pa chipatala cha Cook County ku Chicago n'kuwatcha banki. Dzina lija timaliwerenga pakhomo la chipatala m'Chipwitikizi, banco de sangue, linachokera kumeneko. Kwa ife alimi, imeneyi ndi nkhokwe: umaikamo nthawi yokolola kuti udzatapemo nthawi ya njala.

Kenaka kunadziwika kuti magazi opulumutsa moyo akhozanso kunyamula matenda. Chindoko ndi matenda otupa chiwindi zinkadutsira m'magazi operekedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anthu ambiri padziko lapansi anatenga kachilombo ka HIV pothiridwa magazi, chifukwa njira yoyezera kachilomboka inapezeka mu 1985. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati thumba lililonse liyezedwe HIV, chindoko, ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C lisanafike kwa wodwala.

Kuyeza kokha sikukwanira. Munthu akangotenga kumene kachilombo, pamapita masiku kasanayambe kuoneka poyeza. N'chifukwa chake anamwino amafunsa wopereka mafunso kumbali, ndipo pamafunika kuyankha zoona. Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa opereka. Wogulitsa magazi amabisa matenda kuti alandire ndalama. Wachibale woumirizidwa pamaso pa apongozi amachita manyazi kukana. Koma wodzipereka yekha, amene wabwera popanda womukankha, alibe chifukwa chonamira. Poona zimenezi, mu 1975 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana zolimbikitsa kupereka magazi mwaufulu ndiponso kwaulere.

Chaka chomwecho cha 1975 ndi chimene dziko la Mozambique linalandira ufulu, ndipo pa 24 July boma linatenga ntchito zonse za umoyo. Koma nkhondo imene inatsatira inawononga zipatala zambiri za kumidzi. Akuluakulu mukukumbukira mmene mabanja a kuno anathawira ku Ntcheu, Dedza ndi Mwanza, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Kumanganso nkhokwe ya magazi si ntchito ya tsiku limodzi. Imafuna labotale, antchito ophunzira, msewu, ndi firiji yosazima, pakuti magazi amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo pakatha masiku pafupifupi 35 amatha ntchito. N'chifukwa chake wodwala wofunika magazi amatumizidwa ku zipatala zazikulu, monga cha Ulongwe ku Angonia kapena cha mumzinda wa Tete.

Kutsidya kwa malire, dziko la Malawi linakhazikitsa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service mu 2003. Bungweli limatolera magazi m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'malo antchito, n'kuwayeza lisanawagawe kuzipatala. Komabe mbali zonse ziwiri za malire magazi amaperewera, makamaka ophunzira akapita kutchuthi, pamenenso mvula yayamba ndipo malungo achuluka.

Chimodzi mwa zolepheretsa ndi mantha. Tonse tinamvapo mphekesera za anamapopa, amene m'Chipwitikizi amati chupa-sangue. Mu 2017 mphekeserazi zinaphetsa anthu osalakwa kum'mwera kwa Malawi, zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ntchito za umoyo zinasokonekera. Tisiyanitse bwino. Magazi a kuchipatala amatengedwa poyera, ndi antchito odziwika, ndi singano yatsopano, munthu atavomera yekha. Amayamba akuyezani kulemera kwa thupi ndi kuchuluka kwa magazi. Munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5, ndipo amatengapo osakwana theka la lita. Thupi limabwezeretsa lokha, moti abambo angathe kuperekanso pakatha miyezi itatu, amayi pakatha miyezi inayi. Magaziwo sagulitsidwa. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti wodwala wanu athiridwe magazi, kanenani kwa mkulu wa chipatala.

Tikumbukirenso kuti magazi si mankhwala opatsa mphamvu oti aliyense wofooka apemphe. Dokotala amathira pokhapokha moyo uli pachiswe. Tiwasunge pogoneka ana m'masikito, popita nawo kuchipatala tsiku lomwe thupi latentha, pomwa mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, ndi pokadikirira kuchipatala masiku ochira akayandikira.

Chaka chilichonse pa 14 June, tsiku limene Landsteiner anabadwa, dziko lonse limathokoza opereka magazi. Mwambowu unayamba mu 2004. Koma inu musadikire June. Mukafika kuchipatala, funsani kumene magazi amaperekedwa ndi tsiku limene otolera adzafike kudera lanu. Makolo anati kupatsa n'kuika. Thumba limene mungapereke muli bwino lero ndi limene lidzapezeke m'firiji usiku umene kulibe nthawi yokadzutsa achibale.