Tulo ta Rip Van Winkle ndi Ulendo wa Kamuzu

M'chaka cha 1819, mlembi wa ku America, Washington Irving, adasindikiza nthano ya Rip Van Winkle. Rip adali mlesi wokondedwa ndi mudzi wonse. Tsiku lina adakwera mapiri a Catskill, namwa mowa wa anthu achilendo, nagona zaka 20. Potsika adapeza ndevu zake zili mbuu, mkazi wake atamwalira, ndipo chithunzi cha Mfumu George III pakhomo la nyumba ya alendo atachisandutsa cha George Washington. Posadziwa kuti dziko lidalandira ufulu, iye adauza khamu lokangana za chisankho kuti ndi munthu wa mfumu, ndipo anthu adamuyesa kazitape.

Kwa anthu a m'dera la Kaomba ndi Kasungu yense nkhani yotere si yachilendo. Amuna ambiri a kumeneku ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena osabwerera mpaka kutchedwa matchona. Wotchuka mwa onse adali Hastings Kamuzu Banda, amene adachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915. Adagwira ntchito pa chipatala cha Hartley ndi m'migodi ya ku Joni, nawolokera ku America mu 1925, natsiriza maphunziro a udotolo ku Meharry mu 1937. Atakhala ku Britain ndi ku Ghana, adatsikira pa Chileka pa 6 Julaye 1958, patapita zaka zoposa 40, kuwirikiza kawiri tulo ta Rip.

Kamuzu sadagone ayi. Ankatsata za kwawo mwa makalata ndipo ankatsutsa chitaganya ali ku London. Komabe nthawi idamulanda chinthu chimodzi chachikulu: lilime la makolo. Pa misonkhano ankalankhula Chingerezi, John Msonthi ndi ena namamasulira. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu ndiye adakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo ankadzudzula olankhula mosiyana ndi Chichewa chimene adachisiya ku Kasungu ali mnyamata. Apa ndipo pali kusiyana kwenikweni. Rip adavomera dziko latsopano nakhala pansi kumasimba zakale, pomwe Kamuzu adali ndi mphamvu zokakamiza dziko kuti lifanane ndi chikumbumtima cha ubwana wake.

Koma Kasungu weniweniyo adamusintha ndi Kamuzu yemwe. M'zaka za m'ma 1970 nkhalango za m'zigwa zidagwetsedwa, m'malo mwake mudadza maesiteti a fodya, zigafa ndi misasa ya matenanti. Ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankaphunzirirapo, adatsegula Kamuzu Academy mu 1981, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mtchona wobwerera masiku amenewo akadasokera m'munda wa amalume ake.

Tulo teniteni tidadza kumapeto. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, boma lidaiyesa upandu, osazindikira kuti kunja kwacha kale. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu ambiri adasankha zipani zambiri, ngakhale kuti Kasungu adaima ndi mwana wake. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adapambana, ndipo Kamuzu adavomera kugonja, chinthu chimene atsogoleri ambiri a nthawiyo chidawakanika. Zithunzi zake zidatsitsidwa m'maofesi ndi m'masitolo, nkhope yake idachoka pa ndalama, monga muja adachitira ndi George III. Iye adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Mu 2012 nkhope ija idabwereranso, pa ndalama yapepala ya K1,000.