Mipando 25 Yoyang'anira Meya wa London

London Assembly ndi bungwe la anthu 25 osankhidwa ndi mavoti, lomwe ntchito yake ndi kuunika zochita za meya wa mzinda wa London. Linakhazikitsidwa mu 2000, koma gwero lake ndi mkangano wa m'zaka za m'ma 1980.

Kuyambira 1965, mzindawu unkayendetsedwa ndi khonsolo yaikulu yotchedwa Greater London Council. Mu 1981 utsogoleri wa khonsoloyi unapita kwa a Ken Livingstone a chipani cha Labour, omwe sankamwerana madzi ndi boma la mayi Margaret Thatcher. Likulu la khonsolo, County Hall, linali tsidya lina la mtsinje wa Thames moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo, ndipo padenga pake ankapachikapo chikwangwani cha chiwerengero cha anthu osowa ntchito kuti aphungu aziona tsiku ndi tsiku. Boma linathetsa khonsoloyi mu 1986. Kwa zaka 14 London inakhala yopanda mutu umodzi. Ntchito za khonsoloyo zinagawidwa kwa makhonsolo 32 a m'madera, City of London ndi mabungwe osankhidwa ndi nduna.

Chipani cha Labour chitalowa m'boma mu 1997, chinafunsa anthu a mu London ngati akufuna meya wovoteredwa ndi mzinda wonse pamodzi ndi bungwe lomuyang'anira. Pa riferendamu ya mu May 1998, anthu 72 pa 100 alionse anavomera, ngakhale kuti amene anapita kukavota anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Lamulo linadutsa mu 1999. Olikonza sanafune kudzutsanso khonsolo yakale ija: mphamvu zoyendetsa zamtengatenga, mapulani a mzinda ndi bajeti anazipereka kwa munthu mmodzi, ndipo Assembly anaisiyira yofunsa ndi kufufuza.

Wofuna mpando m'bungweli ali ndi makomo awiri. Mipando 14 ndi ya madera, dera lililonse likuphatikiza makhonsolo awiri, atatu kapena anayi, ndipo wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana. Mipando 11 yotsalayo ndi ya mzinda wonse. Chipani chimapereka mndandanda wa mayina, anthu amavotera chipanicho pa pepala lina, kenako mipando imagawidwa moti chipani chomwe chakolola mavoti ambiri koma chalephera m'madera chipezeko gawo lake. Chipani kapena woima payekha amene sanafike mavoti 5 pa 100 alionse sagawiridwa kanthu. Ndalama yachikole ndi mapaundi 1,000 kwa wopikisana m'dera, ndi 5,000 pa mndandanda. Imabwezedwa kwa amene wapeza mavoti okwanira. Wopikisana ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo (kale zinali 21), komanso wolembetsa kuvota mu London, kapena wokhala kapena kugwira ntchito mumzindamo kwa chaka chathunthu. Makomo onse awiri ndi otsegukanso kwa nzika za maiko a Commonwealth, kutanthauza kuti Mmalawi, Mzambia kapena wa ku Mozambique yemwe ali ndi chilolezo chokhazikika ku Britain atha kuima.

Makomo awiriwa sanakhale ofanana. Pa chisankho choyamba, pa 4 May 2000, pomwe a Livingstone anapambana umeya ataima paokha, Labour ndi Conservative anapeza mipando 9 aliyense, Liberal Democrats 4, Green 3. Zipani ziwiri zing'onozing'onozi zinalowera pa mndandanda. Madera onse 14 anakhala m'manja mwa zipani zazikulu ziwiri zija kwa zaka 24, mpaka mu 2024 pomwe a Gareth Roberts a Liberal Democrats anatenga dera la South West. Mndandanda womwewo unalowetsa UKIP mu 2004, ndipo mu 2008 a Richard Barnbrook a British National Party, chipani chodana ndi anthu obwera, anadumpha mpanda wa 5 pa 100 uja pang'ono chabe. Motero kwa munthu wa chipani chaching'ono, nkhondo yeniyeni imachitikira m'chipani mwake momwemo: kulimbirana kuti dzina likhale pamwamba pa mndandanda.

Ngakhale dzina lapansi limathandiza nthawi zina, chifukwa wina akatula pansi udindo, wotsatira pa mndandanda amalowa popanda chisankho chapadera. Umu ndi momwe mayi Kemi Badenoch analowera mu 2015. Mu 2024 anakhala mtsogoleri wa chipani cha Conservative. A David Lammy anangokhala mu Assembly masabata owerengeka mu 2000 asanakhale phungu wa Tottenham. A James Cleverly nawo anadzera mu Assembly asanakhale phungu. Kwa ambiri Assembly yakhala popondera popita ku nyumba ya malamulo ya ku Westminster.

Mphamvu za opambanawo n'zochepa, ndipo ichi ndi chidandaulo chakale. Meya amaonekera pamaso pawo kakhumi pachaka kuyankha mafunso. Iwo atha kusintha bajeti ya meyayo, koma pokhapokha awiri mwa atatu alionse agwirizane, zomwe n'zovuta pamene chipani cha meya chili ndi mipando 9 kapena kuposerapo. Malamulo apambuyo anawonjezerako pang'ono: la 2007 linawalola kufunsa mafunso anthu ena omwe meya akufuna kuwapatsa maudindo, la 2011 linawapatsa mphamvu yokana ndondomeko zake ndi mavoti omwewo a awiri mwa atatu, ndipo kuyambira 2012 ali ndi komiti younika kayendetsedwe ka apolisi. Ntchito yambiri imagwiridwa m'makomiti otere, pa nkhani za nyumba, mabasi, sitima ndi mpweya woipa.

Chisankho chimachitika zaka zinayi zilizonse pamodzi ndi cha meya. Cha 2020 chinasunthidwira ku 2021 chifukwa cha Covid-19. Mu 2024, pomwe a Sadiq Khan anapambana umeya kachitatu, Labour inapeza mipando 11, Conservative 8, Green 3, Liberal Democrats 2 ndi Reform UK umodzi. Misonkhano ya Assembly inasamuka mu 2022 kuchoka pafupi ndi Tower Bridge kupita ku Royal Docks m'dera la Newham.