Mbiri ya mapulogalamu olembera pa seva, kuchokera ku Berkeley mpaka ku Bulawayo

Chaka cha 1991, chimene yunivesite ya National University of Science and Technology inatsegulidwa ku Bulawayo, ndi chaka chomwenso Bram Moolenaar wa ku Netherlands anatulutsa Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonzera mafayilo imene ophunzira za kompyuta amaipezabe akalowa mu seva, kutanthauza kompyuta imodzi imene anthu ambiri amaigwiritsa ntchito nthawi imodzi ali kutali nayo.

Gwero la Vim ndi vi, imene Bill Joy analemba ku Berkeley mu 1976 akulumikizana ndi kompyuta ya pasukulu kudzera pa lamya yonyamula zilembo pafupifupi 30 pa sekondi. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kunaumba khalidwe lake, popeza lamulo lililonse linafupikitsidwa kukhala chilembo chimodzi kapena ziwiri, kuti munthu asamadikire mzere wonse kulembedwanso. Mwambo wina unayambira ku University of Washington, kumene pulogalamu yolembera ya Pico inabwera pamodzi ndi Pine, pulogalamu ya makalata, ndipo inkaonetsa malamulo ake mmunsi kuti wongoyamba kumene asasochere. Mu 1999 Chris Allegretta analemba yofanana nayo, imene lero imatchedwa nano.

Ku Bulawayo kusankha pakati pa mapulogalamuwa si nkhani ya zokonda chabe, chifukwa magetsi ndi intaneti sizidalirika. Mu 2019, madzi atachepa mu damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESA inkazimitsa magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo munthu wolemba pa seva yakutali akadulidwa mwadzidzidzi amatha kutaya ntchito yake yonse. Apa Vim ili ndi ubwino weniweni, pakuti imasunga zosintha mu fayilo yobisika imene munthu amabwezeretsera ntchito yake akalowanso, pomwe pulogalamu ina yotchedwa tmux, yolembedwa mu 2007, imasiya ntchitoyo ikuyendabe pa seva ngakhale kulumikizana kutaduka.

Komabe woyang'anira seva amene amaika Vim yokha amalakwira ophunzira atsopano, amene ambiri amakanika ngakhale kutulukamo pa tsiku loyamba. Nchifukwa chake mapulogalamu oyendetsera kompyuta a Debian ndi Ubuntu amatsegulira wogwiritsa ntchito nano poyamba, n'kumusiyira ufulu wosinthira ku vi akazolowera.