Mapu Akale a Chigwa cha Domasi

Mtsinje wa Domasi uchokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, nutsikira kum'mawa kufikira ukathira m'nyanja ya Chilwa. Kumtunda madzi ake athamanga pamiyala, koma akafika kuchigwa ayenda mwakachetechete, ndipo m'dzinja asefukira m'madambo.

David Livingstone anaona nyanjayi m'mwezi wa April 1859, ndipo pa mapu a masiku amenewo dzina lake linalembedwa kuti Shirwa. Mapu otere anali a anthu oyenda pansi: munthu ankalemba chimene waona ndi maso, china nachita kufunsa kwa eni dziko. Pamene Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la mfumu Malemia m'chaka cha 1884, odziwa madooko ndi njira za m'dambo anali anthu a m'midzi, osati pepala ayi.

M'chaka cha 1946 boma la Britain linakhazikitsa bungwe la Directorate of Colonial Surveys. Tsono ndege zinayamba kujambula dziko kuchokera kumwamba, ndipo akatswiri anakonza mapu atsopano poyang'ana zithunzizo. Pa mapu amenewa masentimita awiri aimira kilomita imodzi. Mizere yofiirira isonyeza kukwera kwa nthaka: ku Malosa yathithikana, pakuti phiri n'lotsetsereka, koma kuchigwa yatalikirana kwambiri. Dambo analisonyeza ndi timitsitso tonga udzu.

Koma panali chinthu chimodzi chovuta. Wolemba mapu ayenera kuika mzere wonena kuti nyanja ilekeza apa, pamene Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotuluka, ndipo gombe lake lisuntha monga mwa mvula. M'chaka cha 1968 inaphwa, kotero kuti pamene pepala linati pali madzi anthu ankayenda pamatope ong'aluka, ndipo asodzi a matemba anasowa chochita. Madzi anabweranso, koma inaphwanso mu 1995.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma, mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, linakumba ngalande za minda ya mpunga ku Domasi. Wofunafuna mindayi pa mapu akale sadzaipeza. Adzaona midzi, njira ndi madambo monga zinalili kale, ndipo timitsitso tija timuuza malo amene madzi ankafika mtsinje ukadzaza, ngakhale pamalopo pataima nyumba lero.